Kamera ya pa Ukwati wa Kadona

9 Febuluwale

Mayi a Kadona,

Moni nonse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa chija chimene chimabwera ndi kupita mmene chafunira. Ntchito ku situdiyo ikuyenda. Kaya inu, maso aja akuchitabe chifunga? Ndikudziwa kuti amene akukuwerengerani kalatayi ndi Kadona, ndiye iwe mwana wanga werenga zonse, osadumpha pamene pali zowawa.

Nkhani ya ukwati ndailandira ndi manja awiri. Ogasiti si patali, koma ngati mnyamatayo ali ndi ukalipentala wake ndipo samwa, ine ndilibe mawu. Zobwera musandiwerengere. Mukudziwa mmene mapepala anga alili. Ndikatuluka pachipata cha malire chija sindidzalowanso, ndipo nyumba yathu idzakhala yopanda denga mpaka kalekale. Tisakambe zambiri papepala.

Chimene chandipsetsa mtima ndi mzere umodzi wa m'kalata yanu, woti vidiyo adzajambula ndi achimwene anu. Zoona, mayi a Kadona? Alamu anga omwe aja, ndi chikamera chawo cha paphewa chija? Mwaiwala maliro a mayi anga? Ine ndinatumiza ndalama kuti ndione mayi anga akutsanzikidwa m'tchalitchi. Chimene ndinalandira ndi chimbale cha mdima wokhawokha, anthu akuyenda ngati mizukwa, nyimbo yokha ndiyo inkamveka. Bokosi ndinalizindikira chifukwa cha maluwa oyera. Ndinakhala chete poti anali maliro, koma ulendo uno pakamwa sinditseka.

Mwana uyu ndinamusiya ali wamfupi, wa masaya onenepa, wometa mpala wa kusukulu, akaseka kampata ka mano poyera. Chithunzi chimene ndili nacho ndi chomwe chija cha tsiku lomaliza pulayimale. Kuyambira pamenepo mumangoti amathawa kamera. Chabwino. Koma pa tsiku la ukwati sangathawe, ndipo ine ndikufuna ndione nkhope yake ikuseka, ikulankhula, ikulumbira paguwa. China sindikupempha. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamula magetsi ndi miyendo ya makamera pa maukwati a ana a eni, ndiye wa mwana wanga ndidzaonere mdima?

Kamera ndigula ine kuno, nditumiza. Achimwene anu muwauze mwaulemu kuti adzakhale pampando wa amalume, adzadye, adzavine, phewa lawo lipumeko. Ndalama ndapatsira dalaivala wa basi yemwe uja. Theka ndi la nsalu ya diresi, theka mulipire mmisiri wa mawindo. Musakongoze munthu.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Kadona

16 Malichi

Mayi a Kadona,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndadzuka. Yankho lanu silinafike, koma sindidikira.

Loweruka ndinapita ku sitolo ya makamera akale, kwa mkulu wina amene timangomutcha Chindevu. Makamera amene ndikufunawa si a paphewa ayi. Ndi aja ooneka ngati ojambulira zithunzi, osintha magalasi kutsogolo, koma vidiyo yake ndi imene bwana wanga amadyera. Amene thumba langa lingafikepo ndi awiri. Ina ndaitcha Namwali, ina Nkhalamba.

Namwali ndi yatsopano, yopepuka, sikirini yake imatembenuka, ndipo imadzipezera yokha nkhope ya munthu. Ngakhale inu ndi maso anuwo mukhoza kujambula nayo. Panja padzuwa ndi yokongola zedi. Nkhalamba ndi yolemera ngati njerwa, yokalikakalika, ikuoneka kuti inagwapo. Nkhope umaipeza wekha pozunguza mphete ya galasi ndi dzanja, ndipo ukajambula mphindi khumi ndi ziwiri imaima yokha mpaka udinenso. Koma kagalasi kake kamkati kolandira kuwala, kamene amati sensa, n'kakakulu kuposa ka Namwali kawiri. Beseni lalikulu limatunga madzi ngakhale mvula ikungowaza.

Chindevu ankandikankhira Namwali, ati aliyense akugula imeneyo. Ndinamuuza kuti ine sindikajambulira pamsewu, tilowe kuseri kosungira makatoni. Kumeneko kuli babu limodzi lofooka, chimodzimodzi m'tchalitchi chathu. Anayamba kung'ung'udza kuti ndikumutayitsa nthawi. Ndinati, "Ndalama ndi zanga, taimani apo." Namwali itangolowa mu mdima inayamba kusakasaka uku ndi uku, kulunjika pa katoni kusiya munthu. Nditaikweza kuti iwale, chithunzi chonse chinadzaza mchenga wofiira ndi wobiriwira, m'ndevu muja ngati mwalowa nyerere. Nkhalamba, pamalo pomwepo, babu lomwelo, inandionetsa mpaka thukuta la pamphuno pake.

Ndiye pali china chimene ogulitsa sanena. Makamerawa akaona nsalu yoyera amatsinzina okha kuti diresi lisawale kwambiri, ndipo nkhope yakuda ngati yathuyi imasanduka dzenje. Ndinamufunditsa Chindevu thaulo loyera kumutu ngati mkwatibwi. Mukanamuona inu! Anthu m'sitolo muja anaseka mpaka kugwira nthiti. Pa Namwali panatsala thaulo lokha. Pa Nkhalamba, nditaikonza ndi dzanja, maso ake ankaoneka bwinobwino, ali psu ndi mkwiyo.

Vuto ndi lakuti Nkhalamba imafuna munthu wodekha, ndipo mtengo wake pamodzi ndi galasi lotseguka kwambiri ndi malipiro anga a miyezi itatu. Namwali ndi theka lake. Mapanga awiri avumbwitsa, ndiyenera kusankha mwezi uno usanathe.

Mundiyankhe izi. Mawindo a m'tchalitchi akadali kumbuyo kwa guwa? Mababu aja anaikapo atsopano? Ukwati udzayamba nthawi yanji? Iwe Kadona, m'makalata a mayi ako umangolemba zimene akuuza. Onjezako mzere wako umodzi pansi, dzanja silithyoka.

Mnzanga wa m'chipinda sanabwereko kuyambira Lachiwiri. Nsapato zake zili pakhomo. Mkazi wake akakufunsani, munene kuti simunamve kanthu.

Bambo a Kadona

27 Epulo

Mayi a Kadona,

Moni. Ndamva kuti mutu unakuvutani, pepani. Ine ndilipo.

Kalata yanu ndaiwerenga ndili chiimire, ndipo mpaka pano sindinakhale pansi. Ati alamu akhumudwa! Ati kakamera ka m'manja kadzatichititsa manyazi pamaso pa akuchimuna, anthu adzati banja ili lalephera kuitana wa vidiyo weniweni. Koma abale! Kodi anthu akubwera kudzaona ukwati kapena phewa la alamu? Chikamera chawocho chikulemera ndi fumbi. Iwo akaima nacho pakati pa tchalitchi, chingwe chili pansi, thukuta lili kamukamu, anthu amati pali ntchito. Ntchito yake ndinaiona ine, ndili ndekha m'chipinda, ndikufunafuna mayi anga pa sikirini.

Ndipo inu, m'malo mondiimira, mukuti ndalama za kamera zikanagula malata. Malata ndikuwadziwa, ndi amene anandibweretsa kuno. Malata tidzagula chaka chamawa. Mwana akwatiwa kangati? Inu mudzakhalapo, mudzamugwira dzanja, mudzamukonza velo. Alamu adzakhalapo. Ngakhale galu wa pakhomo adzamuona akutuluka. Amene sadzakhalapo ndine ndekha, ndiye pa chinthu chimodzi ichi mundisiye ndilamule.

Nkhalamba ndagula. Chindevu anakana kutsitsa, ati chifukwa cha thaulo lija. Ndinamuuza mawu awiri atatu amene sindingalembe poti akuwerenga ndi mwana. Chipinda chija ndachisiya. Panopa ndikugona ku situdiyo konko, kuseri kwa nsalu imene anthu amaimapo pojambulitsa. Bwana wavomera bola ndizisesa ndi kuyang'anira katundu. Musadandaule, n'kwabwinoko kuposa kuja, chifukwa masitepe a nyumba ija ayamba kukwera alendo amene sagogoda.

Mwati mawindo akadali kumbuyo kwa guwa, ndipo mababu oyaka ndi awiri. Ndinadziwa! Palibe malo oipa kuposa pamenepo: kuwala konse kumbuyo, nkhope zonse mu mthunzi. Namwali ikanalira pamenepo. Ndayesa Nkhalamba pa ukwati wina Loweruka, m'holo ya mdima, mkwatibwi ataima kutsogolo kwa zenera. Bwana ataona anangoti, "Iwe, imeneyi undibwereke." Ndinakana. Imeneyi si ya ana a eni.

Wodzajambula ndi mlongo wanga, aphunzitsi. Dzanja lake silinjenjemera ndipo amatsatira zimene wauzidwa, osati enawa odziwa kale zonse. Ndamulembera payekha.

Kadona, mzere wako ndauona. "Ndamva." Basi? Pepala lonse lija, bambo ako akugona pansi chifukwa cha iwe, iwe n'kulemba liwu limodzi ngati ukuyankha wapolisi? Ndinakulera choncho ine?

Ndalama za mwezi uno zachepa, mukudziwa chifukwa chake. Mugule mababu anayi owala kwambiri, mukapereke kwa akulu a mpingo ngati mphatso. Muonetsetse kuti awaika m'tchalitchi, osati kunyumba kwawo.

Bambo a Kadona

25 Meyi

Mayi a Kadona,

Moni kwa inu ndi onse. Chifuwa chachepako.

Katundu ali ndi dalaivala. M'chikwama chakuda muli Nkhalamba, galasi lake, mabatire awiri, chotchajira, ndi miyendo itatu yoimikapo. Ndakulunga ndi juzi langa, juzilo mupatse amene limukwane. Dalaivala ndamulipira kale, asakunamizeni. Chikwamacho chisagone pansi, chisakhale padzuwa, ndipo alamu asachitsegule ngakhale atati akungofuna kuona.

Mlongo wanga amve izi, ngakhale ndamulembera kale. Mabatani onse ndakonza ine ndipo ndamata ndi selotepi yakuda. Pamene pali selotepi asakhudze. Iye ntchito zake ndi zitatu: kudina batani lojambulira, kuzunguza mphete mpaka maso a munthu aoneke akuthwa, ndi kudinanso kamera ikaima yokha. Ayang'ane maso, osati diresi. Diresi likawala mopitirira, lisiyeni liwale, ine sindinabale diresi. Asayendeyende nayo m'manja, aiike pa miyendo yake kumanzere kwa guwa. Ndipo asalankhule ali pafupi nayo, chifukwa imatola mawu a wojambula kuposa a abusa. Pa maliro paja ndinkangomva alamu akupuma ndi kufunsa ngati chakudya chapsa.

Khadi losungira vidiyo ndi limodzi lokha. Khadi lachiwiri ndalephera kugula, mtengo wake ndi wamisala. Ndiye tichite chonchi. Lamulungu likudzali, mapemphero akatha, nthawi yomwe ija ukwati udzachitike, mulowe m'tchalitchi muyese. Kadona akhalepo, inunso mukhalepo. Mukatha mutulutse khadilo, mulikulunge bwino, mupatse dalaivala. Ine ndiona ngati zili bwino, ndikonza pofunika kukonza, ndibweza nthawi ikadalipo. Safunsa anadya phula, ine sindikufuna kudzadziwa zolakwika ukwati utatha.

Mnzanga uja wapezeka. Ali moyo. Mwina afika kumeneko ine ndisanalembenso, wopanda chikwama. Mukamuona musamufunse mafunso, mungomupatsa madzi akumwa.

Ndatumizako pang'ono za nsapato za mkwatibwi. Kadona asankhe yekha, koma zisakhale zazitali kwambiri, angadzagwe pamaso pa anthu.

Bambo a Kadona

29 Juni

Mayi a Kadona,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli pamalo.

Khadi lafika. Ndinapempha bwana kompyuta yake yaikulu, ndinatseka chitseko. Choyamba ndinene chabwino: kamera ija ndi mfiti. M'tchalitchi mwathu muja, mababu anu anayi sanaikebe n'komwe, koma zonse zikuoneka mpaka ming'alu ya pakhoma. Mchenga palibe. Mlongo wanga wagwira bwino, ndilibe naye mlandu waukulu.

Koma zimene mwajambulazo! Ine ndinati muyese inu ndi Kadona. Inu mwaitana mpingo wonse. Amayi a kwaya, oyandikana nawo nyumba, mpaka agogo aja ogulitsa makala. Ndipo onse angoima chilili, manja m'mbali, osaphethira, kudikira kuti kamera ilire ngati ya zithunzi. Mphindi zathunthu anthu akuluakulu atagwira mpweya! Wina mpaka anafunsa ndi pakona pa kamwa kuti, "Yatha?" Ndinaseka, sindikana. Inunso ndakuonani. Mwaonda, ndipo imvi zija simunandiuze. Mukudya koma?

Kenaka ndinayamba kufuna mwana wanga. Ndinabwerera poyamba, ndinayang'ana mzere wakutsogolo, wakumbuyo, nkhope imodziimodzi. Kadona palibe. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinapempha! Ndagona pansi miyezi iwiri, ndadya buledi ndi madzi, ndakangana ndi alamu, kuti mwana adzaime mphindi imodzi kutsogolo kwa kamera, iye osabwera. Anali kuti? Kwa apongozi ake? Ayamba kale kutiposa ife? Iwe Kadona, pamene ukuwerenga apa, uwauze mayi ako chimene ndinakulakwira.

Ndiye ngati zimenezo sizikukwana, pali chimtsikana china chachitali, cha diresi la buluu, choluka tsitsi mpaka m'mapewa. Poyamba chinaima kumbuyo kwanu. Kenaka chinachoka pamzere, n'kubwera kudzaima kutsogolo kwenikweni kwa kamera, kutseka anthu onse. Osaseka, osalankhula, kungoyang'ana m'galasi ndi nkhope yolimba ngati chabwera kudzalanda katundu. Mlongo wanganso, m'malo mochiuza kuti chisunthe, anataya mphindi zinayi akuchikonzera mphete. Ine uku ndikusuzumira m'mbali mwake kuti mwina mwana wanga ali kumbuyoko. Ndi mwana wa yani wopanda mwambo ameneyu? Makolo ake alipo? Ndikunena pano: pa tsiku la ukwati asadzayandikire kamera yanga. Akadzabwera mudzamuthamangitse, akafune kotchukira kwina. Nkhope ngati imeneyo ine sindinaigulire kamera.

Zonsezo ndafufuta, sindikufuna kuzionanso. Khadi ndabweza lopanda kanthu kuti lidikire tsiku lake. Mabatani asiyeni mmene alili. Mababu aja muwafunse akulu a mpingo kuti ali kuti.

Bambo a Kadona

20 Julaye

Mayi a Kadona,

Moni. Ndili bwino.

Nditaona kuti kalata yanu yalembedwa ndi dzanja la mlongo wanga, ndinadziwa kuti pali nkhani. Ndaiwerenga. Ndaiwerenganso.

Mwati Kadona anawerenga kalata yanga ija yonse mokweza, osadumpha, monga ndinamuuzira. Mwati atafika pa diresi la buluu mawu sanasinthe, anamaliza mpaka pa dzina langa, anaipinda bwinobwino, anakupatsani, n'kutuluka. Mwati diresi limenelo anasoketsa dala chifukwa cha tsiku limenelo.

Nanga inu munali kuti? Munali kuti nonsenu? Zaka zonsezi simunandiuzepo kuti mwana anatalika. Mumandilembera za mitengo ya simenti, za mbuzi ya oyandikana nawo, za maliro a anthu amene sindiwadziwa, koma zoti mwana wanga wakuposani msinkhu ayi. Ine ndine wamfupi, inu ndinu wamfupi, ndikanalota bwanji? Mwati watengera mayi anga. Inde, mayi anali aatali. Panopa ndikuona. Koma tsiku lija munthu akanangonena! Mlongo wanga, mphunzitsi wathunthu, analephera kutsegula pakamwa n'kuti, "Achimwene, uyu ndi Kadona"? Ndikudziwa ndinati asalankhule pafupi ndi kamera. Ndinanena ndine. Koma nzeru zake zinali kuti? Inuyo simukanamugwira dzanja, kapena kumukumbatira, kuti ndione? Iyenso, kungomwetulira pang'ono pokha, kampata kaja ndikanakadziwa ngakhale mu mdima. Anaima ngati msilikali. Munanditchera msampha nonsenu, ndipo ndagweramo ndi miyendo yonse.

Ndalemba zimenezi ndipo sindifufuta, koma ndikudziwa kuti amene analemba kalata ija ndine. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga wanditsata mpaka m'nyumba mwanga.

Mlongo wanga, popeza ndiwe ukuwerenga, tenga pepalali upite nalo kwa mwanayo. Umuuze kuti bambo ake ankafuna kamtsikana kamene anakasiya pa siteji ya basi kakulira, ndipo ndi chitsiru chokha chimene chimaganiza kuti mwana amadikira. Umuuze kuti mawu aja ndawabweza onse. Ndinayesa kuimba foni kawiri kwa mnyamata wake, akuti watuluka. Ndikudziwa kuti sanatuluke, ndinamva mbale zikulira.

Za khadi lija musandikumbutse.

Kwatsala milungu itatu. Mabatire muwatchaje onse awiri dzulo lake. Mlongo wanga afike m'tchalitchi anthu asanadzaze, aime kumanzere kuja. Kadona akadzavula velo, mphete ya galasi ikhale pa maso ake, ngakhale abusa atuluke m'chithunzi. Ndikadzamuona pamenepo ndidzamulembera kalata yoyenera, ya iye yekha.

Bwana wachotsa anthu awiri mwezi uno, ati maukwati achepa. Ine ndikadalipo. Ndatumiza zimene ndakwanitsa, muonjezere pa zakumwa za alendo.

Bambo a Kadona

14 Sepitembala

Mayi a Kadona,

Moni. Sindikudziwa amene akukuwerengerani masiku ano poti mwana ali kwa mwamuna wake. Aliyense amene uli, werenga pang'onopang'ono.

Ndadikira mwezi wathunthu. Dalaivala ndinkamudikira pa siteji ngati ndili naye ngongole, iye kumangoti sanapatsidwe kanthu. Dzulo ndiye wandipatsa envulopu. Nditaigwira ndinamva kuti ndi yaikulu, yozungulira mkati. Khadi silikhala lozungulira. Chimbale cha alamu, pamwamba atalemba ndi cholembera chofiira kuti "Mphatso kwa alamu anga, mwaulemu." Mwaulemu! Aseke, tsiku ndi lawo.

Mwati simunafune kundiuza msanga ukwati utachitika. Mwati mlongo wanga anafika ndi chikwama m'mawa, Kadona ali pampando akumukonza tsitsi, ndipo anati, "Azakhali, bwezani m'kabati. Bambo anandiona kale, anati ndithamangitsidwe. Ndamvera." Mwati munamuchonderera, abusa anamuchonderera, ngakhale mwamuna wake, iye anati kamera imeneyo ikalowa m'tchalitchi iye salowa. Ndipo nonse munagonja. Anthu akuluakulu, mpingo wathunthu, kugonjera mwana! Simukanaibisa kuseri kwa kwaya? Simukanaiika pawindo? Ndakhala ndikukutukwanani mumtima kuyambira dzulo, inu, mlongo wanga, alamu, abusa ndi mababu awo. Koma Kadona sindingamutukwane. Liuma limenelo ndikulidziwa kumene analitenga.

Chimbalecho ndaonera. Ndi zomwe zija. Mawindo oyera mbee, anthu akuda bii, alamu akupumira m'makutu mwanga. Diresi likuoneka, likuyenda lokha pakati pa mipando. Anasoka bwino, mumuuze telala. Pamene anavula velo alamu anayandikira ndithu, ndiwayamikire pamenepo, anayesetsa. Pansi pa velo pali dzenje. Bwana anandipeza ndili pamenepo, anakhala pansi, anayesa kukweza kuwala pa kompyuta. Panatuluka mchenga wokhawokha. Anandigwira paphewa n'kutuluka, munthu amene sanayambe wandigwirapo.

Mawu okha ndi amene ndamva. Abusa atafunsa, anayankha kuti, "Ndikulonjeza." Ndi mawu a mzimayi wamkulu, okhazikika, osanjenjemera. Pamsewu ndikanawamva sindikanatembenuka.

Lero m'mawa ndinapita kwa Chindevu. Sindinapite kukakangana. Ndinamufunsa ngati zinthu zofufutidwa pa khadi zimabwerera. Anati nthawi zina zimabwerera, bola pasakhale pojambulidwa china pamwamba pake. Sanalonjeze. Ndiye mverani bwino. Ngati kamera ija yakhala m'kabati osayatsidwa kuyambira pamene khadi linabwerera, musaiyatse. Munthu asadine kanthu, ngakhale kungoyesa. Alamu asaiyandikire. Mlongo wanga atulutse khadilo, alikulunge m'pepala.

Koma musanapatse dalaivala, mupite kwa Kadona mukamufunse. Nkhope ndi yake. Mumuuze kuti bambo ake akupempha mphindi zinayi zija. Akakana, musamukakamize, ndipo musatumize mobisa, ndidzadziwa. Kamerayo mugulitse, mugule malata.

Kuyambira Julaye ndakhala ndikuyesa kukumbukira. Diresi la buluu ndikulikumbuka, tsitsi loluka ndikulikumbuka, ndi utali wake. Nkhope ikukana kubwera. Inali patsogolo panga, yowala bwino, maso akuthwa monga ndinalamulira, ine ndikusuzumira kumbuyo kwake kufuna mwana wanga.

Mundiyankhe msanga, ngakhale yankho likhale loti ayi.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Kadona